KULAŴA KACHASU: ZIMENE LILIME LIMADZIŴA NDI ZIMENE SILIDZIŴA

Msewu waukulu wochokera ku Blantyre kupita ku Lilongwe ukapitirira boma la Ntcheu umayamba kukwera zitunda, ndipo kuchokera cha ku Biriwiri kukafika ku Lizulu umayenda m'malire enieni a dziko la Malaŵi ndi la Mozambique. Wapaulendo akayang'ana kudzanja lamanja aona Malaŵi, akayang'ana kumanzere aona chigawo cha Tete cha dziko la Mozambique. Anthu a mbali ziŵirizi ndi amodzi. Ambiri ndi Angoni a kwa Maseko, amakwatirana, amaikana maliro, ndiponso amagulitsa kachewere ndi kabichi pamsika umodzi. Mwa zinthu zimene zidaoloka malire a dziko lino kalekale popanda chiphaso, chimodzi ndi luso lotcheza kachasu. Dzina lenilenilo likuchitira umboni, pakuti lidachokera ku mawu a Chipwitikizi akuti cachaça, dzina la moŵa waukali wa nzimbe umene umatchezedwa ku Brazil. Apwitikizi adakhala zaka mazana angapo m'chigwa cha Zambezi, ku Sena ndi ku Tete, ndipo mawuwo adakwera mtunda pamodzi ndi amalonda.

Anthu a maboma ena amakonda kuseka Angoni a ku Ntcheu kuti nyama ndi moŵa sazilambalala, ndipo dzina la imodzi mwa mafumu a m'bomali, a Tsikulamoŵa, limakometsa nthabwalazo. Koma moŵa wa makolo a Angoni udali wamasese, wofulula ndi chimera, womwera m'chipanda. Kachasu ndi mlendo amene adakhazikika. Masese amafululidwa, kachasu amatchezedwa, ndipo kusiyana kwa mawu aŵiriŵa ndiye gwero la nkhani yonse.

Mayi wotcheza amayamba ndi kuviika gaga m'madzi, m'mbiya kapena mumgolo, nathiramo shuga. Ena amaonjezera zipatso monga masuku kapena nthochi zakupsa, ndipo kumadera otentha a kuchigwa amakonda masawu. Tizilombo tosaoneka ndi maso totchedwa yisiti timadya shugayo ndi kutulutsa zinthu ziŵiri: mpweya umene umachititsa thovu, ndi chidakwitso chenicheni chimene akatswiri amachitcha ethanol. Ntchito imeneyi imatenga masiku angapo, ndipo m'miyezi yozizira ya June ndi July, makamaka kumtunda monga ku Tsangano, imachedwerapo. Yisiti ali ndi malire ake. Ukali ukafika cha m'magawo 15 pa 100 alionse, iye mwini amafooka nasiya ntchito. N'chifukwa chake palibe moŵa wongofulula umene ungafike ukali wa kachasu.

Chotsala ndi ntchito ya moto. Madzi amaŵira pa madigiri 100, pamene ethanol amaŵira pa madigiri 78. Tsono mbiya ikatenthedwa pang'onopang'ono, nthunzi yoyamba kukwera imakhala yodzala ndi ukali, ndipo madzi ambiri amatsalira pansi. Mayi uja amavundikira mbiya, namata m'mbali mwa chivundikiro kuti nthunzi isathaŵe, ndipo nthunziyo imaloŵa mumpope umene umadutsa m'madzi ozizira, kaya m'kabwato kosema kaya m'tayala lakale la galimoto. Ikazizira imasanduka madontho amene amagwera m'botolo. Makina a mafakitale aakulu a ku Ulaya ndi ku America ndi amkuwa, onyezimira, otalika kuposa nyumba, koma nzeru yake ndi yomweyi.

Zimene zimatuluka kumpope sizikhala zofanana kuyambira poyamba mpaka pomaliza. Botolo loyamba, limene anthu amalitcha mutu, ndi laukali koposa, ndipo ukali wake ungathe kupitirira theka la zonse zili m'botolomo. Pamodzi ndi ukaliwo mumabwera zinthu zina zosachedwa kuuluka, zimene fungo lake limalasa m'mphuno ngati mankhwala ochotsera utoto wa m'zikhadabo. Pakati pamatuluka kachasu wofatsa, wa fungo la chimanga ndi shuga. Kumapeto ukali umatsika, madontho amayamba kuchita mbuu, ndipo pamamveka kafungo ka mafuta kapena ka nsanza yonyowa. Chodabwitsa n'chakuti gawo limene omwa a kumudzi amalilimbirana ndi kulilipira mtengo wokwera, ndi lomwelo limene wotcheza wa kufakitale amalipatula osaliika m'botolo la malonda. Iye amadula mutu, amadula mchira, nasunga chapakati chokha. Luso lake lonse lagona podziŵa nthaŵi yodulira, ndipo ngakhale ali ndi zipangizo zoyezera, kaŵirikaŵiri amadalira mphuno.

M'midzi yambiri mumakhala mkulu wina amene anzake amamudalira pa kulaŵa. Velemoti ikafika pabwalo iye safulumira. Amaikweza kudzuŵa kuti aone ngati ili yoyera ngati madzi a pakasupe. Amaigwedeza nayang'ana thovu lake: likakhala lalikululikulu ndi losachedwa kutha, ukali ulipo, koma likakhala lating'onoting'ono lochedwa m'mbali mwa botolo, mwaloŵa madzi. Mwina amathira pang'ono pansi kapena pachivundikiro nayatsa machesi, kuti aone ngati laŵi ligwira. Wina amadonthezera m'manja, natikita, nanunkhiza zikhatho ukali utauluka, pakuti chotsalira pakhungu ndicho chimaulula ngati gaga adali wabwino kapena wovunda. Potsiriza pake ndi pamene amapsontha, pang'ono pokha, nakhala chete. Akatsegula pakamwa amatchula mlandu weniweni. Akati wapserera, ndiye kuti moto udakula ndipo gaga adakakamira pansi pa mbiya. Akati waŵaŵasa, ndiye kuti zoviikazo zidakhalitsa mpaka kuyamba kusanduka viniga. Akati ukununkha mgolo, mwini wake adaviikira m'chotengera chimene kale mudali mafuta. Akati ndi wofooka chikhalirecho ndi woyamba, madzi oziziritsa mpope sadasinthidwe ndipo ukali wina udathaŵa ndi nthunzi.

Mkulu wotereyu akadatengedwa pandege kukatsitsidwa m'chigawo cha Kentucky ku America, sakadasoŵa chonena. Kumenekonso kuli moŵa wa chimanga wotcheza, umene dzina lake ndi bourbon, ndipo otcheza a kumapiri a dzikolo ankagwedeza botolo ndi kuyang'ana thovu monga momwe amachitira iye. Madontho otuluka kumpope wa bourbon ndi oyera ngati kachasu, ndipo eni ake amawatcha white dog, kutanthauza galu woyera, mwina chifukwa amaluma. Kusiyana kulipo kuŵiri. Koyamba n'kwakuti mu kachasu wambiri wa masiku ano ukali umachokera ku shuga wogula kusitolo, gaga n'kungopereka fungo ndi chakudya cha yisiti, pamene mu bourbon saloledwa kuthira shuga. Ufa wa chimanga umaphikidwa, ndipo chimera cha barele chimasandutsa ufawo kukhala wotsekemera, monga momwe chimera cha maŵere chimachitira mu thobwa. Kwachiŵiri ndiko kwakukulu: kachasu amamwedwa tsiku lomwelo, koma bourbon amakagonekedwa mumgolo wamatabwa.

Malamulo ake ndi okhwima. M'chaka cha 1964 nyumba ya malamulo ya dziko la America idalengeza kuti bourbon ndi moŵa wa dzikolo, ndipo wopangidwa kwina sangagulitsidwe kumeneko ndi dzinali. Mwa mbewu zonse zophikidwa, magawo osachepera 51 pa 100 ayenera kukhala chimanga. Potcheza, ukali usapitirire magawo 80 pa 100, kuti fungo la mbewu lisatheretu. Poloŵa mumgolo usapitirire 62.5, ndipo poikidwa m'botolo usachepere 40. Mgolowo uyenera kukhala watsopano, wa mtengo wa oak, ndiponso wootchedwa m'kati mpaka kuchita makala. Kupatula madzi, palibe chothiramo china, kaya cha mtundu kaya chokometsera. Motero kufiira konse kumene munthu amakuona m'botolo la bourbon kumachokera ku mtengo basi.

Zochitika mumgolomo n'zofunika kuzimvetsa, chifukwa woweruza bourbon amakhala akuweruza zimenezo. Ku Kentucky chilimwe chimatentha kwambiri ndipo chisanu chimafika poumitsa madzi. Kukatentha moŵa umafufuma n'kuloŵa m'thabwa, kukazizira umabwerera, ndipo ulendo uliwonse umabwerako ndi kanthu. Makala a m'kati amagwira zonunkha zina za moŵa wauŵisi. Kuseri kwa makalawo kuli gawo la thabwa limene moto udaliwamba osalipsereza, ndipo kumeneko kumachokera kutsekemera konga kwa shuga wokazinga ndi fungo la vanila. Mpweya nawo umaloŵa pang'onopang'ono kupyolera m'thabwa ndi kufeŵetsa ukali wolasa uja. Ntchito ya thabwa ingathe kufulumizidwa, koma ya mpweya imafuna zaka. Chaka ndi chaka gawo lina la moŵawo limauluka, ndipo eni ake amaseka kuti limenelo ndi gawo la angelo.

Lamulo silinena kuti bourbon wamba agone nthaŵi yaitali bwanji. Wofuna kutchedwa straight ayenera kugona zaka 2, ndipo aliyense wosakwana zaka 4 ayenera kulembedwa msinkhu wake pabotolo. Ku Scotland n'kosiyana, pakuti kumeneko moŵa sutchedwa whisky usanagone zaka 3. Kuyambira m'zaka za m'ma 2000, ku America kudabuka timafakitale tambirimbiri ta mabanja ndi ta anthu ochepa. Vuto lawo lidali la ndalama. Munthu wagula makina, wagula chimanga, walipira antchito, ndiye adikire zaka 4 asanagulitse botolo ndi limodzi lomwe? Ambiri adapeza njira yachidule. M'malo mwa mgolo wa nthaŵi zonse wa magaloni 53, amene ndi malita pafupifupi 200, adayamba kugwiritsa ntchito timigolo ta magaloni 5 kapena 10. M'kamgolo kakang'ono moŵa umakhudzana kwambiri ndi thabwa, ndipo pakangotha miyezi yoŵerengeka umafiira ngati wa zaka zambiri.

Apa ndi pamene wolaŵa amayesedwa nzeru. Diso limanamizidwa msanga, paja chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere. Katswiri amathira pang'ono m'tambula yopapatiza kukamwa, naisiya kanthaŵi kuti ipume. Ponunkhiza saviika mphuno yonse, ndipo amatsegula pakamwa pang'ono kuti ukali usamutseke. Mu bourbon wamng'ono amayembekeza kumva chimanga poyera, ngati phala kapena chigumu chongophula kumene, ndipo limenelo si vuto, ndi chizindikiro cha ubwana chabe. Chimene chimamudetsa nkhaŵa ndi fungo la utuchi wauŵisi, longa la pamalo ochekera matabwa, chifukwa limasonyeza kuti thabwa lidaloŵa mokakamiza. Akapsontha amayendetsa moŵawo pakamwa ponse. Amafuna kudziŵa ngati kutentha kwake kukufalikira mofatsa kapena kukubaya pamalo amodzi, ndiponso ngati kutsekemera kwa mgolo ndi kukoma kwa mbewu zagwirizana kapena zangokhala moyandikana ngati alendo aŵiri pabenchi la kuchipatala. Kenaka amadonthezeramo madzi. Madzi amatsitsa ukali n'kumasula fungo lobisika, labwino ndi loipa lomwe, ndipo moŵa wosakhwima kaŵirikaŵiri umagwa pomwepo n'kusanduka wosakoma ndi woŵaŵa. Chomaliza ndi chotsalira pakhosi. Wokhwima amasiya kukoma kokhalitsa, pamene wamng'ono amazimirira msanga n'kusiya pakamwa pouma ngati munthu watafuna nthochi yaiŵisi.

Olaŵa enieni sameza, amalavula, monga amachitira olaŵa tiyi ku Thyolo ndi ku Mulanje, popeza munthu amene wameza matambula asanu sangaweruze lachisanu ndi chimodzi. Pa mipikisano mabotolo amabisidwa maina kuti mbiri ya fakitale kapena kukongola kwa chizindikiro kusakope woweruza.

Kunena chilungamo, kuyerekeza bourbon wa chaka chimodzi ndi wa zaka 12 n'kulakwira wamng'onoyo. Funso loyenera ndi limene mlimi amafunsa poyang'ana thole: kodi likadzakula lidzakhala ng'ombe yotani? Ngati madontho oyamba aja adali oyera, odulidwa bwino mutu ndi mchira, zaka zidzachita ntchito yake. Koma ngati pansi pa fungo la thabwa pakumveka kuŵaŵasa kapena mafuta a kumchira, mgolo ungabise zimenezo kwa kanthaŵi, osati kuzichotsa zonse. Ndiye kuti woweruza wa ku Kentucky, akakumba kupyola mtundu ndi vanila, amafika pa funso lomwe lija la mkulu wa pabwalo ku Ntcheu, lakuti wotcheza adasamala moto ndi mbiya kapena ayi.

Komabe pali malire amene lilime, ngakhale la katswiri wotani, silingawadumphe, ndipo omvera ayenera kuwamvetsa bwino chifukwa apa pagona moyo. Pali chinthu china chotchedwa methanol, chimene ndi mbale wake wa ethanol. Maonekedwe ndi amodzi, fungo ndi lofanana, ndipo nachonso chimayaka ndi laŵi lobiriŵira lovuta kuliona masana. Choncho machesi aja amangonena za ukali, sanena kanthu za poizoni. Methanol wochepa amapangika yekha pamene zoviika zili ndi zipatso zambiri, koma gaga ndi shuga zimatulutsa wochepa zedi. Kumene anthu amafa ambiri nthaŵi imodzi, kaŵirikaŵiri kumakhala kuti wina wathiramo sipiriti wa m'mafakitale pofuna kuchulukitsa malonda. Mamililita 10 okha a methanol angathe kuchititsa munthu khungu, ndipo 30 angathe kumupha. Choopsa china n'chakuti sapweteka nthaŵi yomweyo. Chiŵindi chimamusandutsa asidi amene amaononga mtsempha wa maso, ndipo zizindikiro zimayamba patapita maola 12 kapena 24: mutu, kusanza, kupuma mofulumira, ndi kuona ngati kwagwa nkhungu. Munthu wotere si wa matsire ayi. Ayenera kuthamangitsidwa kuchipatala tsiku lomwelo, pamodzi ndi onse amene adamwa naye, ngakhale iwo akumva bwino, ndipo botolo lotsala lipite nawo. M'chaka cha 2024 anthu angapo adamwalira mumzinda wa Blantyre atamwa moŵa waukali umene omwa eni ake adaupatsa dzina lakuti Ambuye n'tengeni.

Chigawo cha Tete chomwecho chidaona tsoka lina losonyeza kuti pakamwa sipayeza zonse. Mu January 2015, ku Chitima m'boma la Cahora Bassa, anthu ochokera kumaliro adamwa moŵa wamasese wa phombe, ndipo 75 adamwalira. Mphekesera zidafala kuti wina adathiramo ndulu ya ng'ona. Akatswiri atayeza adapeza kuti mlandu udali wa ufa wa chimanga umene udanyowa ndi madzi osefukira, ndipo m'menemo mudaswana tizilombo totchedwa Burkholderia gladioli, totulutsa poizoni wa bongkrekic acid. Mayi amene adafulula moŵawo adali mmodzi mwa omwalira. Uwu sudali moŵa wotcheza, koma nkhaniyi ikukhudza aliyense amene amasunga ufa wovunda n'kumati ukhala wa moŵa.

Zitsulo nazo zili ndi mlandu wake. Pamene dziko la America lidaletsa moŵa kuyambira 1920 mpaka 1933, ndiponso zaka zambiri pambuyo pake, otcheza mobisa ena ankaziziritsira nthunzi m'maladiyeta a galimoto, ndipo mtovu wa m'menemo unkaloŵa m'moŵa n'kuononga impso ndi ubongo wa omwa pang'onopang'ono. Mtovu sumveka pakamwa. Mpope wa zitsulo zosadziŵika kumene zidachokera, kapena wolumikizidwa ndi mtovu, ungachite chimodzimodzi kulikonse. Ndipo pamwamba pa zonsezi, chimene chimapha anthu ambiri si poizoni wobisika koma ethanol yemweyo, woyera bwino, womwedwa tsiku ndi tsiku m'mimba mopanda nsima. Masaya otupa ndi mimba yodzala madzi ndi umboni wa chiŵindi chimene chatopa, ndipo chiŵindi sichisiyanitsa kachasu wa pa velemoti ndi bourbon wamtengo wapatali.

Maboma akhala akuyesa njira zosiyanasiyana. M'nthaŵi ya atsamunda kutcheza kachasu kudali mlandu, ndipo amayi ankatchezera kumadambo usiku, koma mpope sudaleke kudontha. Dziko la Uganda mu 1965 lidakhazikitsa lamulo lakuti otcheza enguli atenge ziphaso ndi kugulitsa moŵa wawo kufakitale kuti ukatchezedwenso, ndipo kumeneko kudachokera Uganda Waragi. Dziko la Kenya mu 2010 lidaloleza chang'aa, pokhapokha atayezedwa ndi kuikidwa m'botolo lotsekedwa. Ngakhale bourbon adadutsa njira yomweyi. M'zaka za m'ma 1800 amalonda achinyengo ankathira fodya ndi zinthu zina mu sipiriti wamba kuti aoneke ngati wokhwima, mpaka mu 1897 padakhazikitsidwa lamulo la Bottled-in-Bond, lakuti moŵa wonyamula mawu ameneŵa ukhale wa fakitale imodzi, wa nyengo imodzi, wogona zaka 4 m'nyumba yoyang'aniridwa ndi boma, ndiponso wa ukali wa magawo 50 pa 100. Kuno bungwe loona za miyezo ya katundu, la Malawi Bureau of Standards, lidakhazikitsidwa mu 1972, koma velemoti ya kumudzi imachoka kumpope kupita kukamwa osadzera kumeneko.

Wina angafunse chifukwa chake kachasu sagonekedwa mumgolo kuti naye akhwime. Mtengo wa oak si wachilengedwe kuno, koma chimenecho pachokha sichikadaletsa, pakuti ku Brazil cachaça amagonekedwa m'migolo ya mitengo ya komweko monga amburana ndi jequitibá, ndipo uliwonse umapereka fungo lakelake. Kungoti si mtengo uliwonse ungayesedwe, popeza m'nkhalango momwemo mulinso mwabvi. Choletsa chenicheni ndi chimene chidakankhira otcheza ang'onoang'ono a ku America ku timigolo tating'ono. Mayi wa kwa Ganya kapena kwa Njolomole amatenga shuga pangongole, nkhuni amagula kapena kukasenza kutali, ndipo phindu lake likudikiridwa ndi sopo, feteleza ndi fizi ya mwana wa kusekondale. Ndalama imene waika mumbiya Lolemba iyenera kubwerera sabata isanathe kuti agule shuga wina. Akaphula mbiya m'maŵa, ogula amakhala atakhala kale pakhonde, ndipo velemoti yoyamba imachoka m'manja mwake ikadali yofunda.